Makalata a omvera: filimu ya ku Wimbe ndi Achimwene a m'dimba

Takulandirani nonse omvera athu kuno ku Zimbabwe, a ku Mbare, ku Mufakose, ku Mabvuku, ku Epworth ndi kulikonse kumene mwatchera khutu. Sabata ino makalata achuluka pa nkhani ya mafilimu ndi zisudzo, ndiye malonje tifupikitse.

Yoyamba yachokera ku Dzivarasekwa, kwa bambo amene mchombo wawo uli ku Kasungu. Akuti:

"Achimwene, mdzukulu wanga anandionetsa pa foni filimu ya mnyamata wa ku Wimbe uja anapanga makina oyendera mphepo. Malowo ndi kwathu ndithu, fumbi lake lomwe lija, zilombo zikubwera pamaliro. Koma atayamba kuyankhula ndinagwira pakamwa. Chichewa chake ngati munthu watafuna mbatata yamoto. Kodi Malawi yense anasowa odziwa sewero?"

Bambo, mwandiseketsa. Filimuyo ndi The Boy Who Harnessed the Wind, inatuluka pa Netflix mu 2019. Ndi nkhani ya William Kamkwamba, amene anasiya sukulu posowa fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kumakawerenga yekha mabuku mpaka kutulutsa magetsi ndi zitsulo zotola ndi dayinamo ya njinga. Makutu anu sanakunamizeni. Wosewera ngati bambo ake, amenenso anaitsogolera filimuyo, ndi Chiwetel Ejiofor wa ku Britain, makolo ake a ku Nigeria. Mnyamatayo ndi Maxwell Simba wa ku Kenya. Koma mlongo wake uja ndi wathu, Lily Banda, ndipo akatsegula pakamwa khutu limapumula. Odziwa sewero ku Malawi alipo, kungoti oika ndalama amafuna mayina amene dziko likuwadziwa kale. Ine sindikuwakwiyira kwambiri. Akanatha kuijambula yonse m'Chingerezi popanda wowafunsa, koma anatuluka thukuta kuphunzira chiyankhulo cha eni nkhani. Ndipo tinene motsitsa mawu, bambo: Chichewa cha mdzukulu wanu wobadwira ku Dzivarasekwayo mwachimvetsera bwino? Cha ana anga ndi cha Ejiofor angofanana.

Kalata yachiwiri yandilemera m'manja. Alemba ndi mayi a ku Mufakose, okwatiwa ku banja la Chishona.

"Tinapita ndi alamu anga kukaonera anthabwala m'tauni. Wina anatulukira atavala ovolosi yong'ambika, jombo kumwendo kumodzi, paipi yothirira m'manja. Ati ndi Achimwene a m'dimba. Abwana akawatuma ichi iwo achita icho, Chishona chawo chopotoka, chilichonse ndi 'inde bwana'. Holo yonse inafa nacho chiseko. Mlamu wanga anandigunda ndi chigongono n'kuti, 'Agogo ako awo.' Ndinaseka nawo kuti asati ndine wapafupi mtima, koma kunyumba nsima sinalowe. Bambo anga anakalambira m'madimba a ku Avondale. Ankabwera Loweruka atasita malaya, ndipo ana awo tonse tinaphunzira ndi paipi yomweyo. Kodi ndalakwa kudandaula?"

Mayi, simunalakwe. Koma ndiyambe ndi mbali imene ena sakonda kumva. Ifenso timaseka anzathu, ndipo tinayamba kale. Pabwalo la gule amatuluka Simoni wa nkhope yofiira, kuyenda monyang'wa, tonse n'kumadziwa kuti akugemula mzungu. Izeki ndi Jakobo anatiseketsa zaka zambiri ndi umbuli wa munthu wa kumudzi, ife eni ake tikugwa pamipando. Choncho ine sindinganene kuti Mmalawi asasekedwe pa siteji.

Chimene chandiwawa ine ndi ulesi wa nthabwalayo. Munthu wa ovolosi ameneyu ndinayamba kumuona ndili mwana, ndipo mpaka lero sanasinthe chovala, sanakwezedwe pantchito, sananenepo chanzeru ngakhale kamodzi. Jakobo ankapusa, inde, koma mawa lake ndiye ankapusitsa mnzake. Achimwene a m'dimbawa alibe mawa lawo. Chonsecho anthu akusekedwawo ndi amene anayenda wapansi kuwoloka Zambezi, ena kukwera magalimoto a Ulere onyamula anthu ofuna ntchito, kudzalima fodya m'mafamu ndi kulowa m'migodi ya ku Shamva ndi ku Arcturus. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ana awo ambiri ali alendo m'dziko limene anabadwira, osaloledwa ngakhale kuvota, mpaka malamulo aakulu a 2013 anabweza unzika kwa obadwira kuno, n'kuikanso Chichewa pa ziyankhulo 16 zovomerezeka ndi boma. Munthu amene anaimapo pamzere ku ofesi ya zitupa, n'kubwezedwa chifukwa cha kumene anachokera agogo ake, chiseko cha m'holo sachimva ngati mmene amachimvera alamu anu.

Alamuwo musawasungire kukhosi. Chigongono chija mwina chinali chachikondi, paja alamu ndi anthu oserewulana nawo. Tsiku lina akadzabwera kudzacheza, tulutsani chithunzi cha bambo anu atavala malaya osita aja, muwauze kuti Achimwene a m'dimba enieni ndi awa. Ndipo inu achinyamata amene mumajambula timasewero pa foni n'kuika pa Facebook ndi YouTube, ndikudikira tsiku limene mudzatipatse wa m'dimba wodziwa zonse za m'nyumba ya abwana, amene abwanawo sangatseke chipata asanamufunse. Anthu otero analiko, ambirinso.

Yomaliza ndi yaifupi, ya mnyamata wa ku Epworth, ndipo Chishona chaloweramo ndithu, koma tamvana. Akuti anakavina Borrowdale ku Chitungwiza mpaka nsapato inayasama, ndipo Alick Macheso atayamba kuimba m'Chichewa, bwalo lonse linayankha, Ashona ndi ife pamodzi. Akufunsa ngati ndi zoona kuti Macheso ndi wathu.

Mphwanga, Macheso anabadwira ku Shamva mu 1968, ndi mwana wa Zimbabwe, koma magazi a ku Malawi ali m'thupimo. Asanayambitse Orchestra Mberikwazvo ankaimba besi ku Khiama Boys ya Nicholas Zakaria, nayenso wa magazi omwewo. Onjezerapo a Somanje a Pengaudzoke, uona kuti sungura, mtundu wa nyimbo zimene amaimba anthuwa, yaphikidwa kwambiri ndi ana a m'mafamu. Nsapatoyo upite nayo ku Mbare akakusokere, usaitaye.

Makalata otsala tiwerenga sabata yamawa, ndipo agogo a ku Mabvuku amene mwalemba masamba anayi okumbukira wanthabwala uja Mukadota, yanu idzakhala yoyamba. Pakadali pano nayi Mundikumbuke ya Macheso, ipite kwa mayi a ku Mufakose ndi alamu awo.