Momwe mungamangire khola lophunzirira kumenya mpira wa baseball

[Kamera ikuonetsa bwalo lopanda kanthu, mizati ndi ukonde zili pansi]

Moni nonse okondedwa oonera. Lero timanga chimene osewera baseball ku America amachitcha batting cage, khola la ukonde lomwe munthu amaphunziriramo kumenya mpira osaopa kuswa zenera la mnansi. Ku Japan makola amenewa ali ngakhale m'kati mwa mizinda, munthu amalipira ndalama pang'ono makina n'kumamuponyera mpira. Amene munaonapo maukonde a cricket ku Harare kapena ku Johannesburg, ntchito yake ndi yofanana.

Tiyambe ndi muyeso. Pamasewera a akuluakulu, woponya amaima mamita 18.44 kuchokera pamene pali womenya. N'chifukwa chake khola lathunthu limakhala lalitali mamita 21, m'lifupi mamita 4 ndi pang'ono, kupita m'mwamba mamita 3.7. Ngati ndi la ana a Little League, ligi ya baseball ya ana, omwe amaponyerana pa mtunda wa mamita 14, la mamita 17 likwana. Malo akachepa, fupikitsani m'litali, koma m'lifupi musachepetse. Mwana akamaopa kuti ndodo yake ikola ukonde, amazolowera kumenya mopinda mikono, ndipo chizolowezi chimenecho chimavuta kuchotsa.

Sankhani malo osalala, osadikha madzi, ndipo khola liloze kumpoto ndi kumwera kuti dzuwa la m'mawa kapena la madzulo lisamathobwe munthu m'maso.

[Kukumba maenje]

Mizati yachitsulo ikhale yokhuthala, makamaka ya kumapeto, chifukwa ndi imene imanyamula katundu yense. Kumbani maenje akuya ndithu, pafupifupi mita imodzi, imikani mizati mowongoka, thirani konkire. Kenako dikirani masiku angapo iume. Musafulumire apa. Mukakoka waya konkire isanagwire, mizati imapendekera m'kati ndipo siidzawongokanso.

Pamwamba mudutsitse mawaya achitsulo atatu kuchokera kumapeto kufika kumapeto: awiri m'mbali, mmodzi pakati. Waya aliyense akhale ndi turnbuckle, kachitsulo kopotokola komangitsira waya akayamba kukhwepa.

[Kamera iyandikire maso a ukonde]

Taonani ukondewu. Mpira wa baseball ndi wolimba, umalemera magalamu pafupifupi 145, ndipo m'mimba mwake ndi masentimita 7 ndi pang'ono. Maso a ukonde asapitirire masentimita 4.5. Ulusi wake umagulitsidwa ndi manambala: 21 ndi wopyapyala, woyenera ana aang'ono, 36 ndi umene ine ndingakulangizeni pakhomo, 42 ndi wa timu yomenya tsiku ndi tsiku. Nayiloni ndi yolimba koma imamwa madzi, choncho panja pamene pamagwa mvula ndi kuwomba dzuwa, wa pulasitiki wotchedwa HDPE umakhalitsa.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa apa ndi pamene anthu amavulala. Ukonde usakungike. Maso amafuna kuona chinthu chowongoka bwino, koma ukonde wokungika umabweza mpira kwa amene waumenya, komanso umang'ambika msanga. Uzilendewera momasuka, mbali yake ya masentimita 30 igone pansi kuti mpira usatulukire kunsi. Taonani ndikaponya apa: ukonde ukumeza mpira, mpirawo n'kugwera pansi phee. Ndi zimene tikufuna. Pa chifukwa chomwechi, ukonde ulendewere m'kati, kutali pang'ono ndi mizati. Mpira ukamenya chitsulo umanjanja kulowera kulikonse.

[Chotchinga cha woponya]

Woponya ali pamalo oopsa kuposa aliyense. Akatswiri a Major League Baseball, ligi yaikulu ya ku America, akamenya mpira umatha kuthamanga kupitirira makilomita 160 pa ola, ndipo ngakhale wa mnyamata wa ku sekondale ukhoza kuthyola nsagwada. Ndiye pamafunika L-screen, chotchinga chooneka ngati chilembo cha L: thupi limabisala kuseri kwa mbali yaitali, mkono n'kumaponyera pa mbali yaifupi. Kholo lililonse loponyera mwana wake, chonde, musalowe m'khola popanda chimenechi. Womenya naye avale chisoti nthawi zonse.

Kumbuyo kwa womenya pachikani chiduswa china cha ukonde kapena lona, chifukwa ndi pamene mpira umagunda kawirikawiri. Chikatha, mumangosintha chiduswacho. Musanayambe kusewera, yendani m'mbali mwa khola mukukoka ukonde ndi dzanja kufufuza pong'ambika, ndipo nyengo ya mphepo yamkuntho ikafika, muzimasula ukonde n'kuusunga m'nyumba pouma, pomwe makoswe sangaufike.