Galimoto yanu yoyamba: muipeze isanalizidwe

Woulutsa: Takulandirani omvera, makamaka inu achinyamata amene laisensi mwatenga kumene, ndipo kandalama kamene mwasonkhanitsa kayamba kukuyabwani m'thumba. Lero tili ndi amakaniko amene amaunika galimoto zakale anthu asanazigule. Bambo, mnyamata waona Vitz pa Facebook, yonyezimira, mwini wake akuti bwera ndi ndalama mawa. Ayambire pati?

Makaniko: Zikomo achimwene. Ndalamazo azisiye kaye kunyumba. Ulendo woyamba ndi wokaona basi. Ndipo asananyamuke awerengere kaye bwino ndalama zakezo. Ngati muli ndi ndalama zokwana magawo 5, galimoto muyang'ane ya magawo 4. Gawo lotsalalo lili kale ndi eni ake: kusintha umwini ku Road Traffic, inshuwalansi, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu) ngati yatha, oyilo ndi mafilita, mwinanso matayala awiri ndi batire. Amene amathera zonse pa mtengo wogulira ndi aja galimoto imakhala pa bwalo miyezi itatu, nkhuku n'kumaikira pansi pake.

Woulutsa: Nanga mtundu wake? Achinyamata amakonda zija zotsika, zaphokoso.

Makaniko: Galimoto yoyamba musankhe imene masipeya ake mungawapeze lero lomwe ku Biwi kapena ku Ndirande. Vitz, Passo, Corolla, Axio, Sienta, Probox, March, Demio, Mira, izi makaniko aliyense anazitsegulapo. Injini ya 1KR, ija ya 1.0 ya mapisitoni atatu ya mu Vitz ndi Passo, imamwa mafuta pang'ono, koma imanjenjemera ikamalira galimoto itaima, ndipo pa chitunda ndi anthu anayi imalema. Ya 1NZ, ya 1.5, ya mu Corolla ndi Probox, ndi yopirira kwambiri. Mira ndi ya 660cc, m'tauni ndi yabwino, koma musaitenge ngati ya maulendo a Blantyre mpaka Mzuzu sabata ndi sabata. Muonenso msewu wopita kwanu. Ngati ndi wa mabampu ndi zigwembe, galimoto yotsika kwambiri idzakhala ikukhula pansi mpaka kubowola sampu ya oyilo.

Tsono mwafika pamalopo. Musayambe ndi boneti, yambani ndi blue book, chikalata cha umwini wa galimoto. Dzina limene lili pamenepo lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha munthu amene akukugulitsaniyo. Akati ndi ya malume, malumewo abwere. Kenako nambala ya chesisi. Galimoto zochokera ku Japan zimakhala ndi nambala yoyamba ndi zilembo za mtundu wake, monga KSP90 pa Vitz kapena NZE121 pa Corolla, kenako manambala ena. Nambalayi inadindidwa pa chitsulo chenicheni cha galimoto, kuseri kwa injini kapena pansi pa mpando wa dalaivala mukatukula kakapeti. Muwerenge chilembo chimodzichimodzi, mnzanu atagwira pepala. Mupititsepo chala. Mukamva pokhakhala, kapena mukaona kuti pozungulira nambalapo anawotcherera ndi kupakanso penti, tsanzikani. Palibenso chokambirana.

Woulutsa: Nanga zija zongotsika kumene pa Songwe, zopanda nambala ya kuno?

Makaniko: Zimenezo mufunse mapepala a MRA osonyeza kuti msonkho unalipiridwa wonse, chifukwa popanda amenewo simungailembetse. Msonkho umatengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, ndiye munthu akakuuzani kuti watsala wochepa mukamalize nokha, pitani mukafunse ku MRA komweko musanavomere. Chimodzimodzi galimoto imene inalowa mosalipira msonkho chifukwa cha udindo wa mwini wake. Ikamagulitsidwa, nkhani ya msonkho imadzukanso, ndipo ikhoza kudzukira inu. Mufunsenso ngati galimotoyo si chikole cha ngongole ku banki kapena kwa akatapila. Wina amakupatsani fotokope, akuti blue book yeniyeni inasowa, chonsecho ili m'kabati mwa munthu amene anamubwereka ndalama.

Mapepala akakhala bwino, tibwere ku injini. Apa mvetserani. Mupangane kuti mudzaione m'mawa, ndipo mumuuze mwini wake kuti asailize. Mukafika, ikani dzanja pa injini. Ikakhala yofunda, wina anaidzutsa kale kuti musamve mmene imavutikira podzuka. Injini yozizira siyinama.

Isanalire, tsegulani chivindikiro chothirira oyilo, muyang'ane kunsi kwake. Mukapeza zoterera zotuwa ngati tiyi wa mkaka wambiri, madzi akusakanikirana ndi oyilo, ndipo kawirikawiri ndi gasiketi ya hedi imene yapsa. Unikani ndi tochi ya foni mkati mwa bowolo. Zitsulo zizioneka zoyera kapena zofiirira pang'ono. Mukaona zakuda zoundana ngati phala lopserera, mwini wake oyilo sankasintha pa nthawi yake. Solani kachitsulo koyezera oyilo, mupukute, mubwezeretse, musolenso. Oyilo akhale pakati pa zizindikiro ziwiri zija. Akakhala wolemera ngati uchi, ena amathira wokhuthala dala kuti abise utsi ndi phokoso.

Kenako rediyeta, poti injini ndi yozizira mukhoza kutsegula. Muzikhala madzi a mtundu, ofiira, apinki kapena obiriwira. Mukapeza madzi a pampopi a dzimbiri, galimotoyo yakhala ikuwonjezeredwa madzi pafupipafupi, ndiye funso ndi lakuti amapita kuti. Siyani chivindikiro chili chotsegula, mnzanu alize injini. Mukaona thovu likutuluka mosalekeza, mpweya wa mu injini ukulowa m'madzi. Imeneyo idzakuwirirani pa chitunda choyamba. Koma chonde, injini ikatentha rediyeta musatsegule, madzi ake amathovoka n'kukuwotchani kumaso.

Woulutsa: Magetsi aja a pa dashibodi, ambirife timangoona ngati zokongoletsa.

Makaniko: Ndipo pamenepo ndi pamene anthu amaberedwa. Potokolani kiyi kufika pa ON, osaliza. Ngati ndi yodina batani, dinani kawiri osaponda buleki. Magetsi onse ayake: la injini, la oyilo, la batire, la ABS, la airbag. Muwawerenge. Injini ikalira, onse azime m'masekondi ochepa. Tsono ena amachotsa kababu kapena kumata tepi yakuda kuseri kuti lisaoneke. Ndiye getsi limene silinayake konse poyamba paja ndi limene muyenera kuliopa kuposa limene lakana kuzima. Amakaniko ambiri masiku ano ali ndi kamakina kolumikiza pansi pa chiwongolero, kamawerenga zolakwika zimene kompyuta ya galimoto yasunga. Mulipireni munthu abwere nako. Ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi giyabokosi.

Ikamalira, mnzanu aime kumbuyo aone utsi. Kautsi koyera kopepuka m'mawa wozizira ndi nthunzi chabe, kamatha. Woyera wochuluka wosatha, wonunkhira motsekemera, ndi madzi akupsa mu injini. Wabuluu ndi oyilo, maringi kapena masili a mavavu atha, ndipo mudzakhala mukuthira oyilo ngati petulo. Wakuda ndi mafuta ochuluka osapsa bwino. Umenewu nthawi zina ndi sensa kapena filita ya mpweya basi, ungakonzeke. Khutu likhale pa injini masekondi oyambirira. Kulira kwa gwedegwede ngati tcheni chikukhula chitsulo ndi timing chain, tcheni choyendetsa mavavu, yotha. Kugogoda kolemera kochokera pansi, kumene kumathamanga mukaponda mafuta, ndiye kunoka kumene. Isiyeni. Ngati injiniyo ndi ya timing belt, lamba m'malo mwa tcheni, yang'anani kachomata kosonyeza makilomita amene inasinthidwa. Zambiri zimafuna kusintha pa 100,000.

Batire muyeze ndi mita. Injini isanalire lizisonyeza pafupifupi mavoti 12.6, ikalira likwere kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4. Likapanda kukwera, alitaneta sikutchaja.

Woulutsa: Makilomita a pa dashibodi tiwakhulupirire?

Makaniko: Pang'ono pokha. Amabwezedwa. Galimoto ya zaka 15 ikamaonetsa 48,000, yang'anani rabala ya pa buleki, chiwongolero ndi mbali ya mpando wa dalaivala pamene munthu amatsikira. Zikakhala zoperepeseka mpaka kuwala, miyendo ya munthu ikunena zoona kuposa nambala. Export certificate ya ku Japan imalemba makilomita amene galimoto inali nawo poyezedwa kumeneko. Ngati ilipo, yerekezani. Muonenso tizomata ta sevisi pa chitseko.

Thupi la galimoto muliwone masana, itatsukidwa n'kuuma, osati madzulo kapena mvula ikugwa. Imani pa ngodya muyang'ane m'mbali mwake motsetsereka, penti yopakidwanso imaoneka mafundemafunde. Mipata ya zitseko ndi boneti ifanane mbali zonse. Tengani kamaginito kofooka, mukakulunge m'kansalu, mukayendetse pa zitseko ndi pamwamba pa matayala. Pamene kakukana kugwira pali fila wambiri, phala lija amamata pophwanyika asanapake penti. Kuphwanyika kwa chitseko si nkhani yaikulu. Chachikulu ndi mafupa a galimoto: tsegulani boneti muone zitsulo ziwiri zikuluzikulu zimene zimachoka kutsogolo kulowera m'mbali mwa injini, mutukulenso kapeti ya mu buti pamene pamakhala tayala lapadera. Mukaona makwinya kapena zowotcherera, inagundidwa kwambiri, ndipo idzadya matayala mbali imodzi moyo wake wonse. Gwadani muunikenso kunsi. Zina zimachokera kumadera a chisanu ku Japan kumene amathira mchere mu msewu, pansi pake dzimbiri limachita kuyoyoka mukagogoda.

Matayala ali ndi tsiku lobadwa. Pambali pake pali manambala anayi, monga 2319, kutanthauza sabata ya 23 chaka cha 2019. Lopitirira zaka 6 muliwerengere kuti mugula lina, ngakhale mapanga ake akuoneka. Ndipo mukaona mawu oti STUDLESS, amenewo ndi matayala a pa chipale. Pa phula lotentha la kuno ndi ofewa, amatha msanga, ndipo mvula ikagwa sagwira bwino buleki.

Woulutsa: Tifike poyendetsa. Mnyamata wathuyu dzanja silinakhazikike, mwina achita mantha.

Makaniko: Ayendetse makaniko wake, iye akhale pambali, kenako asinthane. Makaniko akhale wobwera naye yekha, osati woitanidwa ndi wogulitsa. Wailesi muzimitse. Muyende mphindi zosachepera 20, kuti injini itenthe mpaka fani izungulire n'kuzima yokha, muvi wa kutentha usapitirire pakati. Ngati fani ikuzungulira nthawi zonse kuyambira poliza, mwina wina anailumikiza mwachidule pobisa vuto la kutentha.

Pa otomatiki, pondani buleki, ikani pa D, kenako pa R. Igwire msanga, mosagunda. Ikachedwa masekondi awiri atatu kenako n'kugunda, giyabokosi yatopa. Zambiri zazing'onozi ndi za CVT, sizisintha magiya momveka, zimangokoka mosalala. Ikamanjenjemera ponyamuka, kapena injini ikamakuwa koma liwiro osawonjezeka, vuto lilipo, ndipo nthawi zambiri chimayambitsa ndi kuthira oyilo wa otomatiki wamba m'malo mwa wa CVT. Pa manyuwo, ikani giya 4 pa liwiro lochepa mupondetse mafuta. Injini ikakwera yokha galimoto osathamanga, kilatchi yatha.

Pezani bwalo, pindani chiwongolero mpaka kumapeto, muzungulire pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri. Mukamva kuti tha tha tha, ndi CV joint, mfundo ya chitsulo chozungulitsa tayala. Dutsani pa msewu wafumbi mumve kugogoda kwa mashoko ndi mabushi. Pa msewu wowongoka wopanda anthu, fikani pa 60 muponde buleki mwamphamvu ndithu. Isakokere mbali, chiwongolero chisanjenjemere. Mukabwerera, imikani pamalo ouma, mudikire mphindi 5, muisunthe, muone chimene chadontha.

Woulutsa: Zonse zili bwino, tagwirizana mtengo. Ndalama tipereke bwanji?

Makaniko: Zolakwika zazing'ono zimene mwapeza, matayala, mashoko, CV joint, mufunse mitengo yake kusitolo, muchotsere pa mtengo. Chikole chongosungitsira galimoto imene simunaione musatumize pa foni, ngakhale akuuzeni kuti ogula ena ali panjira. Lembani kalata ya mgwirizano: maina onse awiri, manambala a ziphaso, nambala ya galimoto, ya chesisi, ya injini, mtengo, tsiku, ndi mboni mbali iliyonse. Ndalama zidutse ku banki kuti pakhale umboni. Ku polisi mukatsimikize kuti si yobedwa, ndipo ku Road Traffic mupite limodzi ndi mwini wake, nokha, osatuma madobadoba. Gawo lomaliza la ndalama mupereke umwini ukamasinthidwa, chifukwa munthu akalandira zonse foni yake imayamba kusapezeka. Inshuwalansi, ngakhale ya third party yokha, yolipira ena amene mwawaonongera, ikhale m'dzina lanu musanaitulutse pa msewu.

Ikafika pakhomo, sabata yomweyo sinthani oyilo ndi filita yake, ngakhale akuuzeni kuti anasintha dzulo. Tiinjini timeneti timalowa malita osapitirira 4. Lembani makilomita a tsikulo m'kabuku, mudzasinthenso pakatha 5,000. Ndipo musanachoke kwa wogulitsa, tsegulani buti muone ngati jeke, sipanala ya matayala ndi tayala lapadera lopopa zilimo, mufunsenso kiyi wachiwiri.

Woulutsa: Zikomo bambo. Omvera, tipume kaye pang'ono, tikabwerera tiwerenga mafunso amene mwatumiza.