"Atha, mukagule ku famase": ulendo wa mankhwala asanafike pa windo la chipatala chathu

[Wolankhula waima m'mbali mwa msewu pa Chitakale, phiri la Mulanje likuoneka kumbuyo]

Moni nonse amene mukuonera, a kuno ku Mulanje, a ku Thyolo, ndi inu amene muli kutali. Lero tikambe za mawu amene ambiri a ife tinawamvapo pa windo lolandirira mankhwala: "Amenewa atha, mukagule ku famase." Munthu walawirira, walipira kabaza, wakhala pa mzere mpaka dzuwa lafika paliwombo, adokotala amulembera m'buku, koma akubwerera kunyumba atanyamula buku lokhalo. Zimawawa. Ndipo tikamakambirana kumudzi, yankho timakhala nalo kale: aba, akagulitsa.

Kuba mankhwala kulipo ndithu, sindikukana. Unduna wa Zaumoyo uli ndi nthambi yofufuza za umbava umenewu, ndipo anthu amamangidwa. Koma ngakhale mbava zonse zitagwidwa lero, masiku ena shelefu ikhalabe yopanda kanthu. Chifukwa chake chili kutali kwambiri ndi Mulanje, ndipo n'chimene ndikufuna tione limodzi.

[Pa sikirini: dzanja lagwira piritsi limodzi la panado]

Taonani kapiritsi aka. Mankhwala ambiri amene timalandira m'zipatala za boma, kuyambira panado, amoxicillin, LA wa malungo mpaka ma ARV, amapangidwa kunja, ndipo ambiri mwa iwo amachokera ku India. Koma nayenso India sadzidalira pa zonse. Mu piritsi muli ufa umene umagwira ntchito yochiritsayo, ndipo gawo lalikulu la ufa wotere makampani a ku India amakagula ku China. Ndiye kuti fakitale ikatseka ku China, ya ku India imasowa chopangira, ife kuno timasowa chomwa.

Izi zinachitikadi. Kumayambiriro kwa 2020, Covid-19 itatseketsa mafakitale ku China, boma la India linachita mantha kuti anthu ake asowa mankhwala. M'mwezi wa Malichi chaka chomwecho linaika chiletso pa kutumiza kunja mitundu 26 ya mankhwala ndi zopangira zake. Pa mndandandawo panali paracetamol, amene ndi panado yemweyu, komanso metronidazole, uja timamutcha fulajilo. Chiletsocho sichinakhalitse, koma chinationetsa poyera kuti zinthu zikavuta, dziko lililonse limayamba lasamala anthu ake.

Magolovesi nawo n'chimodzimodzi. Ochuluka a magolovesi amene anamwino amavala padziko lonse amapangidwa m'dziko limodzi, la Malaysia. Mu 2020 dziko lililonse linkawafuna nthawi imodzi, mitengo inakwera koopsa, ndipo kumapeto kwa chakacho mafakitale ena aakulu kumeneko anatsekedwa kwa kanthawi antchito ake atadwala Covid. Mukamva kuti mayi woyembekezera wauzidwa kuti abwere ndi magolovesi ake ku chikuta, dziwani kuti nthawi zina nkhaniyo inayambira kutali chonchi.

[Pa sikirini: mapu a nyanja ya India, mzere ukuchoka ku India kulowera ku gombe la Mozambique]

Tsopano mankhwala apangidwa, alongedwa mu kontena. Malawi alibe doko, ndiye katundu wathu amatsikira ku Beira kapena ku Nacala m'dziko la Mozambique, ku Dar es Salaam ku Tanzania, kapena ku Durban ku South Africa, kenako n'kubwera pa thiraki kapena pa sitima ya pamtunda. Zina zosachedwa kuwonongeka, monga katemera, zimabwera pa ndege.

Panyanja napo pali mavuto ake. M'mwezi wa Malichi 2021, sitima yaikulu yotchedwa Ever Given inapingasa mu ngalande ya Suez ku Egypt n'kutseka njira kwa masiku 6, sitima mazanamazana zitaima kudikira. Chakumapeto kwa 2023, gulu la Houthi la ku Yemen linayamba kuwombera sitima pa Nyanja Yofiira, ndipo makampani ambiri anasiya njira imeneyo n'kumazungulira kunsi kwa South Africa, ulendo n'kutalika ndi masiku 10 kapena kuposa. Wina afunsa kuti, nanga sitima yochokera ku India kupita ku Beira imadutsa ku Suez ngati? Ayi, sidutsako. Koma sitima ndi makontena padziko pano n'zowerengeka. Zikachedwa uko, kuno zimasowa, mtengo wonyamulira katundu umakwera paliponse, ndipo eni sitima amathamangira kaye njira za makasitomala akuluakulu. Kaoda ka dziko laling'ono ngati lathu kamakhala kotsiriza pa mzere. Komanso zida zina zoyezera magazi ndi zipangizo za makina a m'chipatala zimachokera ku Ulaya, ndipo zimenezo zimakhudzidwa mwachindunji.

Doko lenilenilo likhozanso kugwa. Kumbukirani Malichi 2019, namondwe Idai atasakaza mzinda wa Beira. Doko linaima, msewu wochoka kumeneko unaduka, ndipo Beira ndi khomo limene katundu wambiri wa chigawo chino cha kummwera amalowera.

[Wolankhula ali m'munda wa tiyi, anthu akuthyola masamba chapatali]

Pano ndiime pang'ono, chifukwa pamene ine ndikuona kuti pali vuto lalikulu koposa ndi apa: ndalama zakunja.

Kampani ya ku India silandira kwacha. Imafuna madola. Madola amenewo timawapeza tikagulitsa fodya, shuga, ndi tiyi ameneyu mukumuona kumbuyo kwangayu. Masamba amene amayi awa akuthyola apita ku fakitale, ena akagulitsidwa pa okushoni ku Limbe, atuluka pa njira zomwezija zopita ku doko, ndipo ndalama zake ndi zina mwa zimene dziko limagulira katundu wakunja. Choncho ife a ku Mulanje ndi Thyolo tili ndi chifukwa chomveka chofunsira kuti madolawo akugula chiyani choyamba.

Vuto n'lakuti timagula zambiri kunja kuposa zimene timagulitsa. Madola ochepawo akulimbiranidwa ndi mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ulendo wachiwiriwu dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 ku banki. Taganizani chipatala chimene chinapatsidwa bajeti ya mankhwala m'makwacha chaka chisanayambe. Ndalama ndi yomweyo, odwala sanachepe, koma makatoni amene ndalamayo ingagule achepa mwadzidzidzi. Ndipo ngakhale wogula ali ndi makwacha m'manja, amatha kudikira milungu yambiri kuti banki imupezere madola. Wopanga mankhwala satumiza katundu asanaone ndalama. Kuchedwa kwa ku banki ku Blantyre kumasanduka shelefu yopanda insulin ya odwala shuga miyezi ingapo kutsogolo.

Mankhwala a zipatala za boma amagulidwa ndi bungwe la Central Medical Stores Trust, limene lili ndi nkhokwe zake ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Kuchoka poitanitsa mpaka katundu kufika mu nkhokwe pamadutsa miyezi, osati masiku. Ndiye bungweli limayenera kulosera lero zimene odwala adzafune chaka chamawa, potengera malipoti amene zipatala zimatumiza mwezi ndi mwezi. Lipoti likachedwa kapena likalakwika, kapena boma likachedwa kulipira, unyolo wonse umagwedezeka.

Pali mankhwala ena amene sitigula ndi ndalama zathu. Ma ARV ambiri, mankhwala a TB ndi a malungo amagulidwa ndi thandizo la mabungwe akunja, makamaka Global Fund ndi boma la America. N'chifukwa chake nthawi zina mumapeza kuti ma ARV alipo koma mankhwala a BP kulibe: njira zake n'zosiyana. Koma thandizo nalo lili ndi mwini wake. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lambiri la kunja, ndipo mapulogalamu a zaumoyo m'maiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo kuno, anagwedezeka. Ku Thyolo, kumene bungwe la madokotala la MSF linayamba kupereka ma ARV mu 2003 ndipo anthu zikwizikwi akhala ndi moyo chifukwa cha mankhwalawa, nkhani yotere si yomvera pa wailesi chabe. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

[Pa sikirini: msewu wa fumbi wokwera phiri, galimoto ya chipatala ikuyenda pang'onopang'ono]

Tinene kuti zonse zayenda bwino, makatoni afika ku Blantyre. Atsala ndi ulendo waufupi pa mapu koma wovuta. Kufika pa chipatala cha boma pa Mulanje kapena pa Thyolo n'kosavuta, msewu ndi wa tala. Koma kukafika ku zipatala zazing'ono za kuseri kwa phiri nthawi ya dzinja ndi nkhani ina. Galimoto imafuna dizilo, ndipo tonse tikukumbukira mizere ya pa filing'i siteshoni.

Za Malichi 2023 sindikufuna kunena zambiri, chifukwa ambiri mwa inu munataya abale. Namondwe Freddy anagumula milatho ndi misewu kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe, madera ena n'kukhala osafikirika kwa masiku ambiri. Anthu anathawa ndi zovala za m'thupi zokha, mabuku a kuchipatala ndi mabotolo a mankhwala atapita ndi madzi. Pamenepo mankhwala akhoza kukhala ali tho mu nkhokwe ku Blantyre, koma kwa munthu amene ali kutsidya kwa mtsinje wosefukira n'chimodzimodzi kulibe.

Ndipo pali mankhwala amene amafa akatenthedwa. Katemera, insulin ya odwala shuga, ndi oxytocin, jakisoni uja amabaya mayi akangobereka kuti asataye magazi ambiri, zonsezi zimafuna firiji. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, kuzima kwa magetsi kunakula kwa nthawi yoposa chaka. Kabotolo ka oxytocin kamene katenthedwa kamaoneka bwinobwino ndi maso, koma mphamvu yake imakhala itachepa, ndipo zimadziwika pa nthawi yoipitsitsa, mayi ali pa bedi. N'chifukwa chake mafiriji a sola amene mumawaona m'zipatala zazing'ono ndi ofunika kwambiri.

Chitsanzo chimene chimandikhudza mtima kwambiri ndi cha kolera. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 unali woipitsitsa m'mbiri ya dziko lino, unapha anthu oposa 1,700. Pa nthawi yomweyo maiko ambiri anali ndi kolera, koma makampani opanga katemera wake wa m'nkhokwe ya dziko lonse lapansi anali awiri okha, ina ya ku South Korea ina ya ku India, ndipo ya ku India inali italengeza kale kuti isiya. Mu Okutobala 2022, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi mabungwe anzake anagamula kuti pa mliri anthu azilandira katemera kamodzi m'malo mwa kawiri, kuti ochepawo akwanire ambiri. Palibe amene anaba pamenepo. Katemerayo padziko lonse anali wosakwanira, chifukwa matenda a anthu osauka sapindulitsa makampani.

Musaganize kuti izi zimagwera osauka okha. Mu Seputembala 2024, namondwe Helene anasefukiza fakitale ya kampani ya Baxter ku North Carolina, imene inkapanga pafupifupi 60 peresenti ya madzi a diripi a dziko lonse la America. Zipatala za kumeneko zinayamba kuimitsa maopaleshoni ena ndi kugwiritsa ntchito diripi mopanikiza. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anali ndi ndalama zoitanitsira madziwo pa ndege kuchokera ku maiko ena.

[Wolankhula wakhala pa benchi, wayang'ana kamera pafupi]

Ndiye titani? Kumanga mafakitale athu n'kofunika, ndipo makampani ochepa opanga mankhwala m'dziko muno alipo kale. Koma nawonso ufa wopangira amaitanitsa kunja, ndi madola omwewo. Bungwe la African Union likufuna kuti pofika 2040 Africa izidzipangira 60 peresenti ya katemera wake, pamene pano ndi pafupifupi 1 peresenti yokha. Ndi ulendo wautali. Chimene ine ndikuona kuti n'chotheka msanga ndi chakuti mankhwala aziikidwa patsogolo pogawa madola, ndiponso kuti zipatala za kumapiri kuno zizipatsidwa katundu wa miyezi ingapo mvula isanayambe, osadikira mlatho uduke. Afunseni aphungu ndi makhansala anu zimenezi.

Kwa inu amene mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, a BP, a shuga, a khunyu, ma ARV, musadikire botolo lithe. Pitani pa tsiku limene munapatsidwa, ndipo ngati mukuyenda bwino pa ma ARV, funsani za kulandira a miyezi 6 nthawi imodzi, chifukwa dongosolo limeneli lilipo. Buku la kuchipatala lisungeni m'jumbo nthawi ya mvula. Mankhwala akachepa, chonde musamadule piritsi pakati kapena kudumpha masiku kuti akhalitse musanafunse adokotala. Akakuuzani kuti atha, funsani ngati pali ena ogwira ntchito yofanana, kapena chipatala china chapafupi chimene chili nawo.

Ndipo mukapita kukagula, gulani ku famase yovomerezeka ndi bungwe la PMRA, limene limayang'anira za mankhwala m'dziko muno. Mankhwala akasowa m'chipatala ndi pamene ogulitsa pa mphasa mu msika amachuluka, makamaka m'misika ya kufupi ndi malire ngati ya ku Limbuli ndi ku Muloza. Makapisozi oyanikidwa padzuwa, opanda katoni, opanda tsiku lothera ntchito, simungadziwe chimene chili m'kati. WHO inapeza kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, mankhwala amodzi mwa 10 alionse amakhala achinyengo kapena osakwanira mphamvu.

Namwino wa pa windo uja musamukalipire, si iye anaimitsa sitima. Koma musangokhalanso chete. Chipatala chaching'ono chilichonse chimayenera kukhala ndi komiti ya anthu a m'mudzi, ndipo mamembala ake amayenera kuchitira umboni galimoto ya mankhwala ikafika. Dziwani amene ali mu komiti ya kwanu, muwafunse kuti galimoto inabwera liti ndipo inatsitsa chiyani. Ngati makatoni anafika dzulo koma lero mukuuzidwa kuti atha, imeneyo ndi nkhani yokanena kwa ombudsman wa pa chipatala cha boma, amene amalandira madandaulo.