Mawu asasa pambuyo pa opaleshoni ya chithokomiro: makalata anu

Tiyambe ndi a Nachisale a ku Ntcheu. Alemba kuti: "Achimwene, adandichotsa chithokomiro chonse chifukwa cha khansa. Papita miyezi iwiri koma mawu akadali osasa, moti ku Mvano ndasiya kutsogolera nyimbo. Apongozi akuti adokotala adandilakwitsa. Kodi ndi zoona?"

Pepani mayi, koma apongoziwo asafulumire kugamula mlandu. Kuseri kwa chithokomiro kumadutsa timitsempha tiwiri towonda ngati ulusi, kumanzere ndi kumanja, ndipo nditomwe timayendetsa mawu. Pochotsa chotupa, kamtsemphako kamatha kukokeka kapena kutupa ngakhale dokotala asanakadule, makamaka khansa ikakhala kuti yakamatirira. Ambiri mawu amabwerera pasanathe miyezi 6. Amene amasasa mpaka kalekale ndi munthu 1 kapena 2 pa 100 alionse. Miyezi iwiri si nthawi yotaya mtima, komabe pitani kwa dokotala wa makutu, mphuno ndi khosi akuunikeni ndi kakamera kolowera m'mphuno. Ngati mumatsamwa mukamamwa madzi, pitani sabata yomwe ino. Nyimbo zokweza mawu ndi zomwe zimachedwa kwambiri kubwerera, ndiye amayi anzanu ayambe agwirizira kaye.

Kalata ina ndi ya a Phiri a ku Kasungu. Akazi awo ali pa mndandanda wa opaleshoni yomweyi, ndipo akufunsa zoti ayang'anire akamadzawadikirira.

Bambo, tsiku loyamba maso akhale pakhosi. Pakatupa msanga n'kuyamba kubanika, ndiye kuti magazi akuundana mkati. Itanani anamwino nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Izi zimagwera munthu pafupifupi 1 pa 100. Chofala kuposa zonse ndi dzanzi la milomo ndi zala. Pafupi ndi chithokomiro pali tizigawo tinayi tating'ono ngati njere za mpunga totchedwa parathyroid, tomwe timasamala mchere wotchedwa calcium m'magazi. Tikasokonezeka calcium amatsika n'kuyambitsa dzanzilo, ndipo mapiritsi a calcium amathandiza mpaka titatsitsimuka. Akachotsa chithokomiro chonse, mayiwo azimwa levothyroxine, mankhwala ogwira ntchito m'malo mwa chithokomiro, m'mawa uliwonse asanadye, moyo wawo wonse.

Komanso musachite manyazi kufunsa dokotalayo kuti amachita maopaleshoni otere angati pachaka. Kafukufuku wa ku America wa 2017 adapeza kuti zovuta zimachepa kwa madokotala ochita maopaleshoni otere opitirira 25 pachaka. Mufunse mwaulemu, chipewa chili m'manja.