Lona limodzi: denga pa mvula, pogona pa usiku wouma

[Lona lopinda lili pansi, pambali pake chingwe ndi zikhomo]

Moni nonse. Lero tikukonza pogona kutchire ndi zinthu zitatu basi: lona la nsalu yathonje la mamita 3 mbali zonse, chingwe cha mamita 10, ndi zikhomo 6.

Musanatambasule kalikonse, yang'anani kumwamba. Nthambi youma sichenjeza ikamagwa. Kenako yang'anani pansi. Pamalo olowa kapena m'khwawa louma, ayi ndithu. Mvula ikagwa kumtunda, madzi akupezani muli m'tulo.

[Akumanga chingwe pakati pa mitengo iwiri]

Chingwechi ndiye mtanda wa denga lathu. Chifike m'chiuno ndipo chikungike. Ambiri amachikweza kuti aziimirira m'katimo, koma denga lalitali limakola mphepo, mvula n'kumalowera m'mbali. Ponyani lona pamwamba, ligwe mofanana uku ndi uku, mbali yotseka iyang'ane kochokera mphepo. Zikhomo khomani mopendeka, mutu wake uloze kutali ndi lona.

[Kamera pafupi ndi ngodya ya lona]

Kabowo ka pangodya kang'ambika? Tengani kamwala kosalala, kakulu ngati dzira la nkhunda, kaikeni kunsi kwa nsalu, kulungani, mangani chingwe pakhosi pake. Kokani muone. Sichipulumuka.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa lona la thonje silili ngati la pulasitiki. Ulusi wake ukanyowa umafufuma, timipata tapakati n'kutsekeka. N'chifukwa chake lona latsopano limatha kudontha pa mvula yoyamba, pambuyo pake n'kusiya. Linyowetseni ndi kuliumitsa kunyumba musanapite nalo.

Kunyowa komweko kumalifupikitsa. Mukalikunga kwambiri dzuwa likuswa, usiku mvula ikabwera limadzikoka lokha mpaka kuzula zikhomo kapena kung'amba ngodya. Mukaona mitambo yakuda, masulani pang'ono zingwe za m'mbali, zomangira lona ku zikhomo. Pang'ono pokha, osati mpaka lichite thumba, chifukwa pomwe madzi aima m'pomwe adonthere. Denga likhale lotsetsereka, madzi azingodutsa.

[Chala chikhudza lona lonyowa m'kati, dontho likuyamba]

Mwaona? Mukalikhudza m'kati lili lonyowa, madzi amatsata pomwepo. Mutu, chikwama, bulangete, zonse zitalikire denga.

Kanthu kena kakang'ono: madzi amayenda m'chingwe kuchokera kumtengo mpaka kulowa m'kati. Mangani kachingwe kolendewera kunja kwa lona mbali zonse ziwiri, madziwo azidonthera pamenepo.

[Akutsitsa lona, akuliyala pansi]

Kukakhala kulibe mvula, kumanga denga n'kudzivutitsa chabe. Lona lomweli likhala pogona. Chimene chimaziziritsa munthu usiku kwambiri ndi nthaka, imayamwa kutentha kwa thupi. Choncho yambani mwaunjika udzu wouma kapena masamba, mulu wokhuthala, chifukwa mukagonapo uphwa. Yalani lona pamwamba, bulangete pakati pake. Pindani mbali imodzi kukuphimbani, ina ibwere pamwamba pa inzake, kukamwa kwake kufulatire mphepo. Kumapazi pindirani kunsi kuti kulemera kwa miyendo kutseke. Nkhope ikhale kunja. Mukamapumira m'kati, mpweya wanu unyowetsa bulangete, m'bandakucha mudzuka mukunjenjemera.

Za moto: nthetche ikagwera pa thonje siboola msanga monga imachitira pa nayiloni, koma thonje limapsa ndithu, makamaka lopakidwa phula kapena mafuta. Sonkhani moto patali.

M'mawa kutumulani lona, liyanikeni. Ngati ulendo wakukakamizani kulipinda lonyowa, mukangofika litambasuleni tsiku lomwelo. Mukalisiya m'thumba lichita nkhungu, linunkha, ulusi n'kuyamba kuola. Lipindeni pokhapokha m'misoko ndi m'mphepete mwauma, chifukwa ndimo mumachedwa kuuma.