Perete ya Macy's: zaka zina zilipo, zina zinafufutidwa

[Pa kanema: chibaluni cha Barney chikuzunguzika ndi mphepo]

Taonani apa. Muno ndi mu New York, Novembala 1997, pa perete ya Macy's yodziwika ndi zibaluni zikuluzikulu. Chimphepo chang'amba chibaluni cha Barney, chidole cha m'pulogalamu ya ana ya pa TV, apolisi akuchiboola kuti chiphwe msanga. Tsiku lomwelo chibaluni cha Cat in the Hat, mphaka wa m'buku la ana, chinagunda mzati wa magetsi, mayi wina n'kuvulala modetsa nkhawa. Zonsezi zili pa YouTube. Koma kafufuzeni perete yomweyi ya m'ma 1950, mungotola tizidutswa apa ndi apo.

Pereteyi inayamba mu 1924, ndipo amakonza ndi a sitolo ya Macy's pa Thanksgiving, tsiku la chikondwerero chothokoza ku America, lomwe masiku ano limakhala Lachinayi lachinayi la Novembala. Chaka choyambacho munalibe zibaluni, anabwereka nyama zamoyo ku Central Park Zoo. Kuyambira 1942 mpaka 1944 sinachitike, poti mphira ndi mpweya wa helium zinkafunika kunkhondo.

[Pa kanema: zithunzi zakale zopanda mtundu]

Pa wailesi yakanema inaoneka koyamba mu 1939, mongoyesa, kwa anthu a mu New York okha. Kampani ya TV ya CBS inaifalitsa kumizinda ina mu 1948, ndipo inzake ya NBC yakhala ikuionetsa kuchokera mu 1953.

Ndiye zinasowa bwanji? Nthawi imeneyo pulogalamu inkaulutsidwa pompopompo, ikatha yatha. Wofuna kusunga ankaloza kamera ya filimu pagalasi la TV n'kujambula zimene zikuonekazo, njira yotchedwa kinescope. Zithunzi zake zinkatuluka zachimbuuzi, komanso filimu inkadya ndalama.

Mu 1956 kampani ya Ampex inabweretsa makina ojambulira pa tepi. Mungaganize kuti vuto latha. Ayi ndithu. Tepi yake inali yotambalala mainchi awiri, yolemera, yodula, koma ubwino wake unali woti mutha kufufuta n'kujambulapo zina. Ubwino womwewo ndi umene unapha mbiri. Kwa bwana woyang'ana bajeti, perete ya chaka chatha inali ya ntchito yanji, pomwe ina ikubwera chaka chino? NBC yomweyi inataya motere zigawo zambiri zoyambirira za pulogalamu yotchuka yamacheza ya Johnny Carson, ndiye ya zibaluni ikanapulumuka bwanji?

[Pa kanema: mulu wa matepi a VHS olembedwa pamanja]

Zinthu zinasintha makina ojambulira za pa TV a Betamax atafika m'nyumba za anthu mu 1975, anzake a VHS n'kutsatira ku America mu 1977. Makolo ankajambulira ana awo, kapena mwana wawo yemwe ali mu bandi ya sukulu, tepi n'kuiwalika m'katoni. Lero adzukulu ndi amene akuitulutsa n'kuiika pa intaneti. Ine chimandisangalatsa n'chakuti matepiwa amabwera ndi malonda a nthawiyo omwe, ngakhale ena amadukira pakati chifukwa wina anajambulapo mpira.

Chodabwitsa ndi chaka cha 1946. Opanga filimu ya Miracle on 34th Street anajambula perete yeniyeni, osati yongoyerekeza, ndipo Edmund Gwenn, yemwe mufilimumo ndi Santa Claus, anakweradi ngolo ya Santa tsikulo, khamu la anthu osadziwa. Mukafuna kuona bwino perete ya m'ma 1940, yambirani pamenepo.