Dholl puri wa ku Mauritius: dal wake asakhale phala

Achemwali, mwaswera bwanji? Ndaona uthenga wanu uja, mukuti alendo anu akufuna chakudya cha ku Mauritius. Chabwino, tiyambe ndi dholl puri, chifukwa ndi chomwe aliyense amadya kumeneko, wa mu ofesi, woyendetsa basi, onse amaima pamzere umodzi. Chimaoneka ngati chapati, koma chopyapyala kwambiri, chofewa, chachikasu, ndipo mkati mwake muli ufa wa dal, tinyemba toswa pakati. Chinayamba ndi Amwenye amene ankabwera kudzalima nzimbe kuyambira 1834, ambiri ochokera ku Bihar. Doko lomwe ankatsikirapo, Aapravasi Ghat, lilipobe mu Port Louis, likulu la dzikolo.

Ndiye mugule chana dal kwa Amwenye, kapu imodzi. Nandolo ayi, chana dal, wachikasu uja woswa pakati. Fulawa makapu awiri, mwina kuposerapo pang'ono. Mumuviike dal uja usiku, m'mawa mumuphike ndi mchere ndi ufa wa chikasu pang'ono.

Tsopano apa mundimvetsere bwino. Apa ndi pomwe ndinalakwitsa ine. Dal ameneyu asapse ngati nyemba zandiwo. Ayi. Mutenge kamodzi, mukafinye ndi zala: kakaphwanyika koma osamata, tsitsani poto. Ine tsiku loyamba ndinapita kukayanika zovala, pobwera ndinapeza phala. Ndinati aa, palibe kanthu, ndiika choncho. Pamene ndimati ndifutukule mtanda, zonse zinatulukira m'mbali, botolo lomata, tebulo lomata, ana akungoseka. Ndiye ndikubwerezanso, achemwali, asafewetse. Mphindi 20 zikakwana yambani kuyesa, musachokepo.

Mukatsitsa, mukhe... ayi dikirani, madzi ake musataye! Ndinaiwala kunena. Madzi achikasu amenewo ndi okandira fulawa. Muwakhetsere m'mbale, dal mumuyale pa lichero kapena pa nsalu kuti aume, azizire. Akauma ndiye musinje mu mtondo, kapena pa makina ngati magetsi alipo, kenako musefe. Ukhale ufa woyoyoka. Muthiremo jira (timbewu tonunkhiritsa tija amati cumin) wokazinga ndi kusinja.

Mlamu wanu uja ndinamuuza zomwezi, iye akuti zosefa ndi zotaya nthawi. Timibulu tomwe tinatsala tinaboola mtanda wonse. Mpaka lero amati fulawa ndi amene anali woipa.

Mtanda ukhale wofewa kuposa wa chapati, ndi mafuta pang'ono, muusiye theka la ola. Mupange timipira, muboole pakati ndi chala chachikulu ngati mmene timachitira ndi nsima potapa msuzi, muthiremo dal, mutseke. Mutseke bwinobwino. Pofutukula musakanikize, pang'onopang'ono. Pa chiwaya chotentha, Amwenye amati tawa, mupake mafuta, mutembenuze msanga. Isachite kufiira. Ikafiira yauma, sipindika. Muziika mu nsalu kuti nthunzi izifewetsa.

Zodyera zake mukuzidziwa kale, sindichedwapo. Kare (curry) wa nyemba zikuluzikulu zoyera, iwo amati cari gros pois, ndi rougaille, womwe ndi tomato wokazinga ndi anyezi, adyo, jinja ndi tsabola. Amagulitsa awiriawiri, amodzi sagulitsa, kukulunga pa pepala.

Eya, za msika munafunsa zija, mukadzapita. Central Market wa mu Port Louis, pansi pali masamba ndi zipatso, pamenepo anthu a komweko amagula. Pamwamba ndi pa alendo: madengu, malaya, zonunkhiritsa ndiwo zoikidwa m'timapaketi tokongola. Pamwambapo mtengo woyamba musavomere, nenererani. Mayi wina amene tinali naye anangotulutsa ma rupee osafunsa, vanila yemweyo tinakamupeza pansi wotchipa, anakhala chete ulendo wonse wa basi. Mupite m'mawa, dzuwa lisanakwere, ndipo dholl puri mugule pomwe pali mzere wa anthu a komweko. Mumwerenso alouda, mkaka wozizira wokhala ndi timbewu takuda toterera. Mukakhala ndi mpata, msika wa ku Flacq umadzaza Lachitatu ndi Lamlungu.

Dal uja, ndanena kuti aume kaye musanasinje eti? Aume. Mukayesa mundijambulire woyamba, ngakhale ang'ambike.